Mpiru wa Kuseri kwa Galaja

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene chimanga chinapserera kwathu kwa Kanduku. Mwana wanga Dalitso, ali wazaka ziwiri, ndinakamusiya kwa amayi pa Boma, kuseri kwa galaja ya mathiraki, komwe anali ndi kadimba kawo.

Ntchito ndinaipeza pa yunivesite ina, yokolopa holo ya misonkhano ndi kuika mabotolo a madzi pamatebulo. Anthu ophunzirawo, madzi amamwa ndithu, koma moni alibe. Chichewa ndinkachiyankhula pa foni pokha, amayi akamandiuza kuti ndalama yafika ndipo mwana akudya bwino.

Tsiku lina kunachitika msonkhano wa zomera ndi zitsulo za poizoni. Ndikusintha mabotolo, pakhoma panaoneka chithunzi cha mpiru. Ndinaseka ndekha, ndiwo yathu mpaka kufika ku yunivesite! Pa nthawi ya tiyi ndinafunsa mayi wina wa ku Zomba amene anabwera kumsonkhanoko.

"Achemwali, mpiru umayamwa mtovu wa m'dothi, chitsulo cha poizoni cha m'mabatire chija," anatero. "Amaudzala dala pamalo otayirapo mabatire kuti uyeretse nthaka. Koma umenewo sadya ayi. Mtovu umawononga mutu wa mwana pang'onopang'ono."

Nthawi yomweyo ndinakumbuka kwa amayi. Amakanika a pagalaja paja amaswa mabatire akale, ndipo mvula ikagwa madzi ake amatsikira m'dimba la amayi.

Ndinaimba foni tsiku lomwelo. Amayi anangoseka. "Iwe, mpiru wobiriwira chonchi ukhale poizoni? Akupusitsa kusukuluko."

Kuyambira pamenepo, ndikamakolopa holo ija ndinkangoona chithunzi chija pakhoma, ngakhale makina oonetsera zithunzi atazimitsidwa. Ndinapirira mpaka Disembala, kenako ndinakwera basi.

Ndinapeza dimba litakula mpaka kumpanda wa galaja. Ndalama zanga ndi zimene zinagula mbewu ndi makeni othirira. Dalitso sanandizindikire, ndipo ndikamuitana ankachedwa kutembenuka.

"Ndi wofatsa, watengera bambo ake," anatero amayi. Mwina n'zoona. Mpaka lero sindidziwa, ndipo kusadziwako kumandisowetsa mtendere.

Pondilandira amayi anathyola mpiru wa kumpanda, nati ndi wonona kwambiri, ankasungira ine. Anautendera bwinobwino. Dalitso atatambasula dzanja, ndinakoka mbale yake n'kudya ndiwo yonse ndekha, mwana akulira, amayi akundiyang'ana ngati mlendo.