Makaniko wa Mumpingo

Pikapu ija amuna anga anaigula ku esiteti komwe anagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma. Zinali zaka zimene matipate anali atangokhazikika, aliyense akusaka kageni, ndipo maesiteti ankagulitsa magalimoto otopa kwa antchito awo. Inali yadizilo, yoyera pa unyamata wake, koma katondo wa kwathu anali atailowa mpaka m'mafupa. Pamalo athyathyathya inkayenda bwino ndithu. Vuto linali chitunda.

Kwathu n'kumunsi, mbali ya ku Khonjeni. Kuti ufike pamsewu wa ku Makwasa umayenera kukwera chitunda chachitali, chokhotakhota, chodutsa pakati pa minda ya tiyi. Pikapu ikafika pakatikati inkatsokomola, kunjenjemera, kenako n'kuima. Okwera ankatsika, ena kuika miyala kumatayala, ena kukankha. Anthu ankatiseka kuti galimoto yathu ndi yokhayo m'Thyolo monse imene imakwera anthu m'malo moti anthu aikwere.

Chaka chimenecho nkhaniyi inasiya kuseketsa. Mwana wathu wamkazi anabwera kudzadikirira kwathu ali ndi pakati pake poyamba, poti mwamuna wake ankagwira ntchito kutali. Kusikelo anamwino anamuuza mosapsatira kuti mwana wapingasa m'mimba, choncho asayerekeze kuchirira kumudzi. Matenda akangoyamba, athamangire kuchipatala cha mishoni. Ine ndinati apite akadikirire komweko. Abambo ake anati masiku akadalipo, nanga galimoto anaiguliranji.

"Galimoto yake iti?" ndinawafunsa. "Yomweyi yokwera chitunda ndi mapewa a anthu?"

"Tiikonzetsa, mayi. Ingofunika kuipatsa mphamvu pang'ono basi."

Amakaniko odziwa mapampu a dizilo kudera kwathu analipo awiri. Wina anali mkulu wa ku Luchenza amene anakalambira m'galaja ya esiteti. Ankamwa kachasu, ankasuta chingambwe, ndipo akapsa mtima ankatukwana m'Chilomwe chimene ngakhale ine Mlomwe ndinkatseka nacho makutu. Loweruka ndilo linali tsiku lake lotanganidwa. Winayo anali dikoni wa mpingo wathu, munthu waukhondo, wa mawu okoma m'kwaya, amene anaphunzira ntchito m'magalaja a ku Limbe.

Tinayambira kwa mkulu uja chifukwa ine ndinaumirira. Sindinganame, inenso sanandisangalatse. Pabwalo pake panali magalimoto omera udzu, eni ake atatopa n'kudikira. Mkuluyo analiza injini, natsegula pothira oyilo, ndipo pakamwa pakepo panayamba kufuka utsi ngati paphika chinachake.

"Yatha iyi, bwana. Pampu ichoke ipite ku Limbe pa mashini, maringi a m'injini tisinthe. Mwezi, mwina kupitirira."

"Mwezi tilibe. Njira yachidule palibe?"

"Yachidule mukaipeze kwina. Ine injini yotere sindiiputa." Analavula pambali, fungo la kachasu n'kutiwomba tonse.

Pobwerera abambo anayendetsa mpaka tinadutsa mlatho. Kenako anati, "Mwana wanga anyamulidwe ndi galimoto yogwiridwa ndi chidakwa? Mwinanso n'kuikonza pa Sabata?"

Ife a Sabata timakonda zathuzathu. Womanga nyumba akhale wa mumpingo, telala wa mumpingo, ngakhale wometa tsitsi timayamba tafunsa kumene amapemphera. Timakhala pakati pa tiyi, ena timamulima, koma kapu yake sitiilawa. Sindikunyoza ayi, ndine wa momwemo mpaka lero. Koma tsiku limenelo ndinawauza kuti pampu ya dizilo sidziwa ngati woigwirayo anabatizidwa. Anati pakamwa panga padzandipeza, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anasankha dikoni.

Dikoni analonjeza kubwera kumayambiriro kwa mlungu, koma anafika Lachisanu, tsiku lokonzekera, masana atapendeka kale. Mlungu wonsewo kunali chiperoni. Nkhungu inali itatsika mpaka pamadenga, kamvula kakuwaza kosaleka, minda ya tiyi osaoneka konse. Anatsika pa kabaza ndi chikwama cha masipanala, natipatsa moni wa ulemu, navala ovolosi yochapa bwino.

Ine ndinali ndi zanga zophikaphika za mawa lake, koma mtima sunandilole kukhala kukhitchini. Ndinakaima pafupi. Pambali pa pampu panali kabawuti kakang'ono, komangidwa ndi kawaya kokhala ndi kachidindo ka mtovu. Dikoni anati pamenepo ndi pamene opanga galimoto amatsekera mphamvu, ndipo ukapotokola, dizilo amalowa wambiri.

"Nanga anamangiranji waya, adikoni?"

"Amangofuna tiziwapititsira kwawo, mayi. Ife ku Limbe timadula daily."

Anadula ndi pulayazi, thedzu! Munthu samanga chitseko ndi waya popanda chimene watsekera m'katimo.

Anapotokola, nauza abambo kuti aponde. Utsi wakuda bii unatuluka kumbuyo, nkhuku n'kubalalika. Anapotokolanso. Injini inayamba kulira mawu amene sindinawamvepo chiigulireni, okhuthala, aukali. Chimene chinandiopsa n'chakuti abambo akachotsa phazi, phokoso silinkatsika msanga. Linkakhala kaye m'mwamba, ngati likuganiza kaye ngati limvere kapena ayi. Mwana wanga anali pakhonde atafunda chitenje, dzanja lili pamimba.

"Ikumveka ngati yakwiya," iye anatero.

"Ndi pawa imeneyo, achemwali," dikoni anayankha akuseka. Abambo nawo nkhope inali itawala ngati agula yatsopano.

Dzuwa silinkaoneka, koma wa Sabata safuna dzuwa kuti adziwe nthawi. Dikoni anayang'ana wotchi, napukuta manja, nayamba kulongedza masipanala.

"Akulu, Sabata ili pakhomo. Kwatsala kuitesita pachitunda, ndione ngati ndapitiriza, ndibweze pang'ono, ndimange nati ya kabawuti kaja. Pakali pano musaiyendetse."

"Chitunda chili pompa," ndinatero. "Kwerani kamodzi kokha, mutsike, mumange natiyo. Simukumuona mwanayu?"

Anayang'ana abambo. Abambo anali mkulu wa mpingo, ndipo anandiyankha motsitsa mawu, muja amachitira akafuna kuti nkhani ife.

"Mayi, mukufuna mudzi wonse uone mkulu wa mpingo ndi dikoni akuthamangitsa galimoto Sabata italowa?"

Ndinawayankha mawu osayenera kulandirira Sabata. Sizinathandize kanthu. Anatseka boneti, dikoni anatsogolera pemphero lalifupi, nakwera kabaza wake n'kumira mu nkhungu. Poimba nyimbo zotsegulira Sabata ine maganizo anali pa kabawuti kaja. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinali wokwiya.

Loweruka m'mawa tikuvala zopita kutchalitchi, mwana anandiitana kuchipinda. Ndinamupeza atagwira khoma, nsuwa itasweka, madzi akutsika m'miyendo. M'mudzi monse munalibe galimoto ina, ndipo wodwala wotere sungamuike pa kabaza. Pa matenda Sabata siletsa, zimenezo tonse timazidziwa, choncho abambo sanazengereze. Tinayala matiresi kumbuyo, ine ndinakhala naye komweko mutu wake uli pamiyendo panga, titafunda pulasitiki.

Pikapu inakwera chitunda chija ngati ikuthawa moto. Tinadutsa pamalo paja inkaimira nthawi zonse, miyala yathu yotsekera matayala ili mbwee m'mbali, osachedwa n'komwe. Ndinayamba kudzidzudzula mumtima kuti mwina ndinalalata pachabe.

Pamwamba msewu umagona, kenako umakhota. Pamenepo phokoso limayenera kutsika, koma linakwera. Linakwerabe mpaka linasanduka kukuwa, chitsulo chonse chikunjenjemera pansi pathu. Utsi unasintha, unakhala wotuwa, wonunkha oyilo wopsa. Ndinasuzumira pagalasi la kumbuyo. Ndinawaona abambo atazula kiyi, ali naye m'manja akumuyang'ana, injini ikukuwabe. Anaponda mabuleki ndi thupi lonse, galimoto ikungowakoka.

Kutsogolo mu nkhungu munatuluka anthu. Anali amayi othyola tiyi, poti esiteti Loweruka imagwira, atandanda m'mbali mwa msewu ndi madengu kumsana kudikira sikelo. Abambo anapotoza chiwongolero n'kulowa m'munda. Ine ndinadzigwetsa pa mwana wanga. Tiyi ukamuona patali amaoneka wofewa, koma pansi pake ndi zitsa zokhazokha. Galimoto inakwera pamwamba pake, inatikhutchumula uku ndi uku, n'kukodwa. Injini inapitiriza kukuwa matayala akuzungulira m'malere, mpaka china chake chinaphulika m'kati. Kenako kunali zii, kupatula kubuula kwa mwana wanga.

Amayi aja anataya madengu n'kuthamangira. Anamunyamula pamatiresi pomwepo kupita naye pamsewu. Abambo anali atang'ambika pamphumi, magazi akutsikira pa jekete yawo ya kutchalitchi, koma sankamva chilichonse. Kapitawo anathamanga kukasaka thirakitala yonyamula masamba, imene inali kumunda wina kutsidya. Tinadikira pamvula paja nthawi imene sindifuna kuikumbukira. Itabwera, inayenda monga thirakitala imayendera.

Tinafika kuchipatala masana. Anamutengera kuopaleshoni nthawi yomweyo, ndipo mwana wanga anapulumuka. Khanda linali lalimuna, koma silinalire. Palibe anatiuza kuti tikanafika msanga zikanakhala bwanji, ndipo ine sindinafunse.

Nthayo, mwana wobadwa wakufa, kwathu salengeza. Saimba belu, sagona pamaliro, salira mokweza. Amaika amayi okhaokha, mwakachetechete, kudakali m'mawa. Tsiku loyamba la mlungu ndinasiya mng'ono wanga pambali pa wodwala, ndipo ine ndi amayi achikulire a m'mudzi tinakamusiya mdzukulu wanga m'kadzenje kosazama, atakulungidwa m'nsalu imene ndinagulira kumubereka. Anandichenjeza kuti ndisatulutse mawu, kuopa kumutsekera mwana wanga njira ya ana ena. Sindinkazikhulupirira kwenikweni, koma ndinaluma mlomo.

Pobwera ndinapeza abambo ali pakhonde, bandeji pamphumi, manja ali pamawondo. Mwamuna saloledwa kumeneko, choncho mdzukulu wawo sanamuone ngakhale nkhope. Tisanalankhulane, tinamva belu la kabaza. Anali dikoni, ndi chikwama chake cha masipanala. Sabata anakapemphera ku mpingo wina, ndipo anadzera njira ya kumunsi, ndiye sanamve kanthu. Anatsika akumwetulira, nayang'ana pamalo poimika galimoto pali mbee.

"Mwadzuka bwanji, akulu? Ndabwera tidzamalize kaja. Galimoto ili kuti?"

Abambo anangoweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka. Chikwatiraneni sindinawaonepo akulira, ndipo nawonso ankalira mobisa mawu, monga mwambo umanenera. Ndinalowa m'nyumba kukamutengera mlendo mpando.