Mchenga pa Dziwe Lobatizira

Nkhwangwa yoyamba inali yanga, ndisaname. Mpingo wathu unkafuna tchalitchi cha njerwa zowotcha, koma nkhuni n'zimene zinkasowa. Bulugamu wa pa esiteti imene ndimathyolako tiyi ali ndi alonda, ukangodula nthambi ntchito yatha. Ndiye ine, ndi pakamwa panga posatsekapa, ndinauza akuluampingo kuti mikuyu ndi mibawa ya m'mbali mwa mtsinje ilibe mwini. Onse anati ameni. Tinadula tikuimba, mpaka kufika pa dziwe limene tinkabatizirapo anthu.

Bambo anga sankapemphera. Ntchito yawo inali yodulira tiyi, Lamlungu ali ku kachasu. Ataona zitsa anangoti ngakhale tiyi amamudulira momusiyira moyo, koma ife Akhristu tauvula mtsinje. Ndinawayankha mwachipongwe kuti za Mulungu azisiye kwa ozidziwa.

Tchalitchi chinatha, chokongola ndithu. Koma mvula inasintha khalidwe. Imachedwa, ikabwera imabwera mwaukali, n'kukokolola dothi la m'minda kukathira mumtsinje. Patapita zaka zochepa, dziwe lija limene madzi ake ankafika m'khosi linasanduka mchenga. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera n'kuwawa.

Chaka chimene chifuwa chinawagwira, titabwerako kuchipatala cha pa boma, bambo anandiitana n'kunena kuti akufuna kubatizidwa. Mawu amenewo ndinali nditawapempherera kuyambira pa utsikana wanga. Ndinathamangira kwa abusa. Kwathu timabatiza pomiza thupi lonse, ndipo abusa anati za madzi a m'kapu si za mpingo wathu. Damu la esiteti linali litaphwa mpaka matope. Amuna a mumpingo anakumba mchenga uja ndi makasu, timadzi tinasonkhana tofika m'mawondo, koma lisanakwane tsiku la ubatizo amayi a m'mudzi anali atatunga tonse, poti mjigo nawo unali utauma. Sindiwadzudzula, nanenso ndinatungako chidebe.

Tinasala kudya, tinapempherera mvula. Ine ndinkachita manyazi, chifukwa ndinkapempha Mulungu chinthu chimene anatipatsa kale, ife n'kuchiponya mu uvuni wa njerwa.

M'mawa uliwonse ndisanaberekere dengu kupita kuntchito, bambo ankandifunsa: "Mwananga, madzi aja abwera?"

"Abwera posachedwa, ababa."

Anamwalira mu Novembala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Akuluampingo anabwera kudzandipepesa, koma anati lamulo ndi lamulo: malemuwo sanali membala, choncho kwaya siimba. Ndinakhala pa mkeka ndikuyang'ana amayi anzanga, amene ndaimba nawo pa maliro osawerengeka, atazolika nkhope, atatseka pakamwa. Popita kumanda ndinayambitsa nyimbo ndekha. Palibe anandilandira, ndipo mzere wachiwiri sindinaumalize.