Mpunga Mwamusiyira Ndani?

Uthenga anabwera nawo ndi alamu anga, akazi a achimwene, pochokera ku Songani kogulitsa matemba. Asanatule n'komwe dengu anati, "Alamu, adokotala anu aja atisiya. Alengeza pa wailesi." Sindinafunse kuti adokotala ake ati. Ndinangokhala pansi pakhonde.

Ndinawadziwa ndili ndi pakati pachitatu, iwo akadali mtsikana ndithu, akubwera kuchipatala chathu chaching'ono tsiku la sikelo. Mapazi anga anali atatupa, nsapato osalowa. Anesi anali atandiuza kawiri kuti ndipite kuchidikiro, kunyumba ija amayi amakakhala pafupi ndi chipatala masiku akayandikira. Ine ndinkangoti chabwino, n'kubwerera kudambo, kumunda wa mpunga. Tonse tinkatero. Anesi ankati ndife osamva.

Adokotalawa sanakalipe. Atandiyeza anagwira manja anga, matope ali m'zikhadabo, n'kufunsa, "Mayi, mpunga mwamusiyira ndani?"

Misozi inangotsika. Panalibe amene anandifunsapo zimenezo. Bambo a ana anali kunyanja, mpunga utacha, mbalame zikutera ngati mtambo. Mpunga sudikira munthu. Ukachokapo milungu iwiri ukapeza mapesi okhaokha, ndiye woyamwitsayo adya chiyani?

"Ndiye vuto si mutu wanu, ndi munda," anatero akumwetulira.

Lachisanu anafika kumzikiti, Lamlungu kutchalitchi kwathu, kupempha amayi chinthu chimodzi: wina akapita kuchidikiro, anzake azimudulira mpunga, naye akachira adzadulire ena. Ine ndinapita kuchidikiro. Patangotha masiku anayi ndinagwa n'kukomoka pabwalo la chipatala pomwepo, magazi atathamanga. Kukanakhala kudambo, si bwenzi ndikulemba izi. Ndinachira mwana wamkazi, ndipo pobwerera ndinapeza mpunga wanga uli m'matumba, wopuntha kale. Mulungu ndi wachifundo.

Pambuyo pake adokotala aja anawakweza kuti aziyang'anira zaumoyo m'boma lonse, kenako anapita kulikulu. Tinkawamva pa wailesi akunena za uchembere wabwino, mawu omwe aja, kungoti otopa. Kuno kudulirana kuja kunayenda zaka zingapo n'kuzilala. Chaka china nyanja inaphwa, anthu anabalalika kukasaka ganyu, aliyense anayamba kuona zake. Sindikuloza munthu chala. Inenso ndinaleka.

Mwana ndinachira uja tsopano anali ndi pakati pake poyamba. Mapazi ake otupa ndinali nditawaona kale sabata imeneyo, koma ndinkangopemphera osanena kanthu, poti ndinkadziwa yankho lake. M'mawa mwake mwa uthenga uja ndinamulondola kudambo. Ndinamupeza atawerama ndi chikwakwa, madzi akumulekeza m'akakolo.

"Iwe, anesi anakuuza chiyani?"

"Anati ndipite kuchidikiro. Ndipita amayi, ndingomaliza chigawo ichi."

"Chigawocho chithera kuti, kuchilumba?"

Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Nanga ndimusiyire ndani? Bambo a mwanayu ali kunyanja. Inu msana wanu ndi womwewo."

"Msana ndi wanga. Bweretsa chikwakwacho."

Tinalimbanirana ngati ana, mpaka anachisiya. Masana omwewo anakwera kabaza, kachikwama ndi beseni lake kumbuyo.

Tsiku loyamba ndinadula ndekha, ndipo pobwerera kunyumba ndinayenda chowerama. Tsiku lachiwiri anabwera alamu, akudandaula njira yonse kuti matemba awo sadzigulitsa okha. Tsiku lachinayi anatulukira mayi wina wa kumzikiti amene ndinamudulirapo kalekale. Sananene zambiri, anangoti, "Sunthani uko, mukuchedwetsa." Tinalipo atatu basi, tonse a imvi. Mbali ya kumunsi mbalame zinatitsogolera, sitinapezeko kanthu.

Dzulo anesi atumiza mawu kuti mwana wanga wachira. Magazi anathamanga ngati ine, anachita kumung'amba, koma iye ndi khanda ali bwino. Ndinagwada pamapesi pomwepo. Kudzukanso kunali kovuta.

Banja la adokotalawa sindilidziwa. Ndinangomva kuti asiya bambo ndi ana. Ndikuganiza kuti anawo masiku ambiri ankadya amayi awo kulibe, ali kuno kuyang'ana mapazi athu otupa. Ndilibe choti ndingawatumizire, ngakhale njira yakwawo sindiidziwa. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada, muwatchuleko bambowo ndi ana awo.