Adzukulu a ku Fakitale

Ndinadzuka kusanache, khosi likuwawa chifukwa ndinagona pampando. Azimayi amene anachezera kuimba pamaliro a achimwene anali atagona pansi pabalaza, nsapato zili mbwee pakhomo. Ine mtima sunali m'malo. Dzana lake tinawapeza amayi pafoni ya ku mishoni kwathu ku Ntcheu, ndipo sanafunse za bokosi kapena za matenda. Anangoti, "Nanga adzukulu ake ndani?" Ine ndi pakamwa pangapa ndinati alipo. Alipo kuti? A kumanda anali atatiuza kale kuti kuno kudziko la azungu anthu amapemphera n'kumapita, dzenje amakwirira ndi thirakitala. Achimwene anga enieni, kukwiriridwa ngati paipi ya madzi!

Kuwatumiza kumudzi sikukanatheka. Anabwera kuno kudzaphunzira, kenaka dzina lawo linatchulidwa molakwika kwathu, nkhani zija sitinkazinena mokweza, basi njira inatsekeka. Patchuthi china anapeza ganyu m'katauni kena kupitirira Gaithersburg, kumene mzungu wina ndi anzake ochepa ankaumba timabwato m'khola lakale la ng'ombe. Ankayala nsalu ya ulusi wagalasi m'chikombole, kuipaka utomoni, n'kuiumitsa mpaka kulimba gwa, koma yopepuka. Opanga ndege atamva, anayamba kuitanitsa zitseko, kenaka mphuno za ndege. Khola linagwetsedwa, panabwera uvuni waukulu ngati basi, anthu n'kumagwira usana ndi usiku. Katauni konse kanayamba kudyera pamenepo. Achimwene anakhala kapitawo, manja akuyabwa chaka chonse. Ankakonda kunena kuti amapangira ena mapiko, iwo ali pansi.

Kutacha kunali mvula yamawawa, yozizira mpaka m'mafupa. Tinakoleza mbaula kuseri kwa nyumba pansi pa lona, utsi n'kumalowa kwa aneba. Anthu anayamba kufika: a ku Lanham ndi mapoto a nkhuku, ana a sukulu, ogwira ntchito m'mabanki atavala makhoti aatali. Madalaivala a akazembe a ku Embassy Row anaimika magalimoto patali kuti asaonedwe pamaliro a munthu wodedwa ndi boma la kwathu, koma anabwera, ndiwayamike. Ine ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, kuyang'ana mwamuna woti n'kugwira fosholo. Wina anati msana. Wina anati malamulo a kuno ndi ovuta, tingamangidwe. Ndinapsa mtima, osanama. Mayi wina wa ku Lusaka anandikoka chitenje, amvekere, "Sisi, nkalani pansi, muzadwala imwe." Sindinakhale.

Mwini fakitale uja, amene tsopano anali mkulu wa imvi, sanaoneke, ndipo ndinkadziwa chifukwa chake. Dzulo lake anabwera kudzapepesa, n'kufunsa chimene tikusowa. Ine kutopa, ndinangotembenuza mawu athu m'Chingerezi mmene alili, kuti tikusowa adzukulu oti atiikire maliro. Iye anamva ana a ana. Anayang'ana ana a achimwene, omwe anali adakali kupulaimale, n'kundiyang'ana ine ngati wazungulira mutu. Ndinangomusiya chiimire n'kupita kukhitchini.

Chakumasana tinanyamuka, magalimoto atayatsa nyali. Msewu wa kumanda umadutsa pafakitale. Pageti panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, ndipo zinandiwawa. Ndinati mumtima, moyo wonse uja munthu wathera pano, lero ngakhale kutuluka kudzaima osatha? Alamu anga, akazi a malemu, anali pambali panga, maso kutsogolo.

Kumanda dothi anali ataliphimba ndi kapeti wobiriwira, ngati n'lochititsa manyazi. Kuseri kwa mtengo thirakitala inkalira pang'onopang'ono, kudikira ife. Abusa anafupikitsa chifukwa cha mvula. Bokosi linatsika, tinaponya maluwa, mnyamata wa kumanda n'kutambasula mkono kutilozera kumagalimoto. Anthu anayamba kusuntha. Ine ndinaima pomwepo. Ndinati kaya andinyamule, pano sindichoka.

Ndiye tinamva malole. Anatsika amuna ndi akazi atavala maovolosi a utomoni, azungu ndi akuda omwe, aliyense fosholo paphewa. Anali atazimitsa uvuni, chinthu chimene achimwene ankati sichichitika ngakhale pa Khirisimasi. Mkulu wa imvi uja anabwera kutsogolo, anavula chipewa, n'kunena m'Chichewa chopotoka ngati ndodo, "A-dzu-kulu ta-fika."

Mayo ine! Ndinaseka ndikulira nthawi imodzi. Alamu anandinong'oneza kuti mkuluyo anawaimbira foni kufunsa kuti adzukulu awatenge kuti, iwo n'kumufotokozera, kenaka n'kumubwerezetsa mawuwo mpaka atagwira. Sanandiuze poopa kuti mwina sabwera. Mnyamata wa kumanda anayamba kunena za malamulo, koma ataona bambo ake omubala ali pamzere ndi fosholo, anapita kukazimitsa thirakitala.

A ku fakitale aja anachotsa kapeti uja n'kuyamba. Dothi linali lamatope, lolemera, koma ankalandizana osalankhula, mmene amachitira kuntchito. Mkuluyo anaterereka, bondo thi m'matope, wina n'kufuula kuti mdzukulu wamkulu wagwa, anthu n'kuseka mmene timasekera kwathu. Ngakhale wa msana uja anavula jekete. Anaumba mtumbira bwinobwino, kuusalaza ngati chinthu choti chikaikidwa pandege. Kunyumba tinawakhazika poyamba, ntchafu zonse za nkhuku n'kupita kwa iwo.

Madzulo nyumba inangoti zii. Mipando yobwereka inali itasanjikizidwa, matope a majombo ali pakapeti, ndipo ndinaletsa aliyense kuwasesa. Kwathu kunali pakati pa usiku, koma amayi anali atakana kuchoka pafupi ndi foni ya ku mishoni. Ndinawauza zonse, mawu akuchedwa kufika. Nditamaliza, anandifunsa funso limodzi lokha.

"Adzukuluwo mwawapatsa chakudya?"

"Adya, amayi."

Pamenepo ndi pamene anayamba kulira mwana wawo.