Nsonga ya mpeni ndinathyola ndine

Mayo ine Nangozo, ndanama ndi imvi kumutu!

Akamwini anga anandigulira mpeni wotchipa pa Chimbiya, wosapinda, wokhala m'chimake. Ndinavina nawo, ee, ndinavina! Kuphiri ndinasendera luzi, ndinadulira bowa, kenaka ndinati nditembenuzire mwala pokumba timizu ta chinaka. Thyo! Nsonga yapita.

Ndinaunola mpaka dzanja kutentha, mpeni n'kufupika ngati chala.

Akamwini atauona anati, "Amayi, mpeniwu unali chonchi?"

Ndinayang'ana pansi mwaulemu. "Unabwera choncho, bambo."

Tsopano akuti mawa akwera minibasi akamukalipire wogulitsayo, munthu wosalakwa. Ndikakhala ndinyamuka, ndikanyamuka ndikhala. Mkamwini umamuuza bwanji kuti apongozi ake ndi abodza? Ndatuma mwana wanga, mkazi wawo, akanene. Ine ndili kuseri kwa khola, ndikuimbira mbuzi.