Njira imene Felista sanaijambule

Ndinaganiza zopita ku Halale m'chaka chachiwiri cha ukwati wathu, nthawi ya Chitaganya. Ndinali nditamaliza koleji ya aphunzitsi, koma malipiro ankatha mwezi usanafike pakati, ndipo anzanga ankati kumeneko kalaliki wodziwa Chingerezi sagona ndi njala. Mkazi wanga Felista sanatsutse. Anangofunsa ngati kumeneko kuli mapiri.

Felista ankajambula mapiri. Anayamba ndi maburashi amene dona wina anataya, iye akugwira ntchito m'nyumba mwake. Ankagula mabokosi akale a tiyi ku Limbe, n'kuwaphwasula, n'kumajambula pa matabwa akewo ndi penti wotsala kwa amisiri omanga. Loweruka ankayala zithunzizo pakhonde la sitolo ya mmwenye m'tauni. Azungu ankagula, ena n'kufunsa kuti mwamuna wojambulayo ali kuti. Abale ake ankamuseka kuti akugulitsa phiri kwa anthu oliona ulere. Anali ndi kachitidwe kake: thambo poyamba, kenako phiri ndi mitengo, ndipo njira ya anthu pomaliza penipeni. Ankati chithunzi chopanda njira munthu sangalowemo.

Tinkakhala pamalo pa amayi ake ku Chilobwe, phiri la Soche lili pakhomo. Pondiperekeza ku siteshoni ya Limbe anandiuza kuti wayamba kulijambula pa thabwa lalikulu. "Njira ndidzaiika mukadzabwera, akalaliki," anatero. "Ndione kaye mbali imene mudzatulukire."

Ku Halale ndinkalemba katundu m'nyumba yosungira matumba, ndipo tinkagona anthu angapo m'chipinda chimodzi. Eni dziko ankatitchula ndi dzina la dziko lathu ngati kuti ndi matenda. Lamlungu ndinkayenda ndekha mpaka pa kaphiri kawo kamodzi, konga chulu, n'kubwerera. Ndalama ndinkatumiza pa positi mwezi uliwonse. Mayankho a Felista anali aafupi: mtengo wa penti, mvula, zithunzi zimene zagulidwa. Kamodzi anatchula chifuwa, pakati pa nkhani zinazo. Telegalamu inandipeza atamuika kale.

Ndinabwera pa nthawi ya kusudzula, pamene akuchikazi amamasula wamasiye kuti azipita kwawo. Amalume a Felista anandipatsa mabuku anga ndi mpando. Nditafunsa za zithunzi, anadabwa. Anati katundu wa malemu anagawidwa kale, ndipo matabwa ajawo anali abwino, anthu anatenga.

Ndinazungulira nyumba za abale osalankhula ndi munthu. Matabwawo ndinkawazindikira ndi zilembo za tiyi zakumbuyo kwake. Lina linali chitseko cha khitchini, lina linatseka pamene khoma linagumuka. Mtima unandiwawa kwambiri, mpaka ndinazindikira kuti onse anakhomedwa mofanana, zilembo kunja. Msuweni wa Felista, amene kale ankamuseka koposa onse, ananditsegulira khitchini: phiri la Michiru linali m'katimo, lopukutidwa bwino, lopanda mwaye. Anati kunja mvula ingafufute phiri.

Thabwa lalikulu lija ndinalipeza pa zenera la apongozi anga, zenera loyang'ana ku Soche. Ndinkalifuna. Palibe china chimene ndinabwerera. Ine ndi apongozi sitinakhalepo pamodzi chikwatirire. Tikakumana m'njira, mmodzi ankapatukira kutchire. Ndinaima kunja, ndinapereka moni kukhoma, n'kupempha thabwalo. Anandiuza kuti ndilowe. Sindinasunthe.

"Amene tinkachitirana naye manyazi ali kumanda," anatero. "Lowani, bambo."

M'nyumbamo munali mdima pang'ono. Thambo linalipo, phiri linalipo, ngakhale mtengo wa mbawa wa kuseri kwa nyumba yathu. Pansi pake panali udzu wokhawokha. Apongozi, atafulatira, anandiuza kuti Felista analigwira thabwalo mpaka mphamvu zitamuthera, akungowonjezera mitambo. Iwo anamufunsapo kuti bwanji osamaliza. Iye anayankha kuti mwini njira sanabwere.

Apongozi anati ndilitenge, pazenerapo adzatseka ndi thumba. Anatumiza munthu kukabwereka hamala. Pamene tinkadikira ndinaona mphasa yawo: anaichotsa pamalo pake pakale, n'kuiyala moyang'anizana ndi thabwalo. Kwa zaka zonse ndinkaganiza kuti pamudzipo ndine ndekha amene ndinkaona zimene Felista ankachita. Mayi ameneyu anatseka phiri lenileni kuti azidzuka akuona la mwana wake.

Hamala itabwera ndinakhoma msomali umodzi umene unkagwedera, n'kuibweza.

M'mawa mwake ndinanyamula mabuku anga, mpando ndinausiya. Popita ku siteshoni ndinatsikira kumanzere kwa mbawa ija, mbali imene ndinatulukira dzana lake. Pa thabwa paja, pamenepo pali udzu.