Mabowo Atatu pa Bulugamu

Ku Zobwe ndinapitako ngati mkamwini. Kwathu ndi kuchigwa, kufupi ndi Moatize, ndipo bambo anga moyo wawo wonse anali munthu wa uchema, mowa wa migwalangwa. Ndinakulira pansi pa migwalangwa, ndikuona mmene ankadulira mutu wa mtengo, kutchera chikho, ndi kubwererako m'mawa ndi madzulo. Koma kumapiri kuja zimenezi panalibe ankaziwerengera. Kwa abale a mkazi wanga ndinali "Mnyungwe wathu uja", wodziwa kupirira dzuwa ndi kusenza katundu, basi.

Mkazi wanga anali ndi mchimwene wake, wondiposa chaka chimodzi kapena ziwiri. Alamu angawo anaphunzira kwa ansembe zaka zitatu, Chipwitikizi chinkaterera m'kamwa mwawo, ndipo dzanja lawo polemba linali lokongola, ndisaname. Ine shikola ndinangoilawa. Manambala ndinkawadziwa ndithu, koma ndikalemba seveni ankaoneka ngati khasu lothyoka. Tonse awiri tinkagwira ganyu m'munda wa bulugamu umene azungu anabzala pamtsetse, kuti mitengoyo ikakula izikachirikiza denga la mgodi wa malasha ku Moatize.

Chaka chimenecho amayi a m'mudzi anayamba kudandaula kuti kasupe wa kumunsi kwa mundawo akuphwa, ati bulugamu akumwa madzi onse. Madandaulo anafika kumene anafika, ndipo tsiku lina chilimwe chili pakati kunabwera jipi ndi enjinyero wachinyamata, wowonda, wofiira makutu ndi dzuwa. Anatsitsa bokosi lamatabwa ndi bateriya yagalimoto. Anati akufuna kuyeza mmene madzi amathamangira mkati mwa mtengo. Ife tinayang'anana, kuseka kuli m'mimba.

Koma zimene ananena pambuyo pake zinatithetsa kuseka. Iye sakanakhala nafe, ankayenera kubwera Loweruka lokha. Choncho ankafuna munthu mmodzi wosamala makinawo, ndipo ameneyo amudindira m'kadeneta kuti ali pantchito yokhazikika. Amene sanaone masiku amenewo sangamvetse kulemera kwa chidindo. Mwamuna wopanda chidindo m'kabuku kake asipayo, apolisi a boma, ankangomulemba dzina, kenako chibalo, ndipo chaka chimenecho ambiri ankawatsitsira ku mgodi. Ganyu yathu inali pafupi kutha. Ine mgodi ndinkaudziwa, ndinakula ndikuona anthu akutulukamo maso okha akuyera, ndipo ndinkauopa kuposa njoka.

Tsiku lotchera makina, amene anagwira ntchito yeniyeni ndinali ine, ndipo ndimanenabe mpaka lero. Enjinyero anasankha mtengo wowongoka, wonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Anandiuza kuti ndipale khungwa pamalo ofanana ndi chikhatho, kufikira thupi loyera lonyowa lija lionekere. Kenako anandipatsa kachitsulo koboolera, konga ulusi wa thumba kuchepa kwake, kuti ndiboole mabowo atatu, lina pamwamba pa linzake, owongoka osapendama. Iye mwini anayesa kaye pamtengo wina, kachitsulo kanathyoka. Alamu anga anayesa, bowo linapita cham'mbali. Ine ndinaboola onse atatu osapumira, mzungu mpaka anaimba mluzu.

M'bowo lapakati analowetsamo kawaya kotentha, m'mabowo awiri enawo timawaya tomva kutentha, tonse tolumikizidwa ku bokosi lija. Pabokosipo panali galasi, mkati mwake kamuvi. Ukadina batani n'kuwerenga mpaka ziwiri, kawaya kapakati kankafunditsa madzi a mumtengo. Madziwo pokwera ankanyamula kufundako, ndipo akafika pa kawaya ka pamwamba kamuvi kankagwedezeka. Ntchito inali kuyang'ana pa wotchi kuti padutsa nthawi yaitali bwanji kuchokera podina mpaka kamuvi kusuntha, n'kulemba m'buku. Madzi akamathamanga, kamuvi sikachedwa. Pomaliza tinakulunga pamalopo ndi thonje, ine n'kumangapo kadenga ka udzu kuti dzuwa lisasokoneze.

Enjinyero anadina batani. Tinadikira. Kamuvi kaja kananjenjemera, kenako pang'onopang'ono kanapendekera kumanja. Abale inu! Mtengo uli chiimire, osagwedezeka, koma mkati madzi akukwera, ife n'kumaona ndi maso!

Ndiye mzungu anavula wotchi yake yachingwe, natiyang'ana tonse awiri. Anatipatsa lapisi kuti aliyense alembe manambala papepala. Anayang'ana langa, anayang'ana la alamu, ndipo wotchi ija anaiveka m'khosi mwa alamu anga. Ine anandiloza bateriya. Ntchito yanga inakhala kuinyamula kupita nayo kumsewu Lachisanu, kukasinthitsa ndi yodzaza, ndi kusamala kadenga ka udzu mpaka ganyu ithe.

Nsanje ndi matenda oipa, ndipo ine anandigwira tsiku lomwelo. Wotchi ija inkandibaya m'maso. Alamu ankaivala pamwamba pa malaya, osati mkati, ngakhale popita ku tchalitchi. Amayi a pakasupe anawapatsa dzina loti dotolo wa mitengo, iwo n'kumaseka monyada. Apongozi anga aakazi ankafunsa nthawi kasanu patsiku, iwo amene moyo wawo wonse ankangoyang'ana dzuwa. Choipitsitsa chinali mkazi wanga yemwe. "Achimwene ali ndi mutu," ankatero akupeta, osadziwa kuti akundithira tsabola pabala. Ndikati mabowo aja ndinaboola ndine, iye ankati, "Eya, inunso muli ndi mphamvu." Mphamvu! Ngati ng'ombe yapangolo.

Alamu okha sanandichitire chipongwe, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa kwambiri. Ankandiitana kuti ndidzaone kamuvi, ankandilola kudina batani. "Alamu, dinani inu lero, chala chanu n'chodalitsika," ankatero. Ine ndinkadina, mtima ukuwira. Ndikanakonda akanandinyoza, bwenzi ndili ndi chifukwa.

Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino. M'mamawa kamuvi kankachedwa, dzuwa likafika pamutu kankafulumira, madzulo n'kuyambanso ulesi. Enjinyero atabwera Loweruka anawerenga buku akugwedeza mutu mokondwa. Koma sabata yachiwiri kamuvi kanayamba kuzengereza ngakhale masana. Sabata yachitatu munthu unkatha kudina batani n'kusenda nzimbe kamuvi kasanasunthe. Chonsecho mtengo unali wobiriwira, masamba ali gwa, dzuwa likuswa miyala.

Enjinyero anasintha bateriya, anapukuta timawaya, anatsegula bokosi n'kuuziramo. Palibe chinasintha. Ndiye anatembenukira alamu. Anati mtengo wamoyo sungasiye kumwa mwezi wotentha chonchi, ndiye kuti mwina akudina molakwika, mwina sakubwera n'komwe, manambalawo akungolemba a m'mutu ali kunyumba. Alamu analumbira, natchula ndi dzina la Mulungu. Mzungu anati awapatsa sabata imodzi.

Lolemba lake ndinapita kukakonza kadenga, chifukwa mphepo inali itasasula udzu. Nditachotsa thonje, ndinaona. Thupi loyera lija linali litada mozungulira mabowo, louma ngati chikopa, ndipo utomoni wofiira unali utaundana m'mphepete. Ndinadziwa nthawi yomweyo, mmene umadziwira mawu a mayi ako pagulu. Mtengo umatseka bala lake. Ndi chifukwa chake bambo anga ankabwerera ku mgwalangwa m'mawa ndi madzulo ndi mpeni wakuthwa, kukapala pang'ono pamwamba pa bala. Ukalekerera masiku awiri, uchema umasiya kudontha, mtengo uli wamoyo bwinobwino. Bulugamu uja madzi anali kukwera ndithu, koma ankalambalala pamene tinabaya. Mzungu anaphunzira makina ake m'mabuku, anthu a kumapiri sadziwa uchema. Pa anthu onse a pamtsetse paja, wodziwa ndinali ine ndekha.

Alamu anali atakhala pamwala, buku lili pamaondo, nkhope itagwa. Anandiona ndikuyang'anitsitsa.

"Alamu, mwaonapo kanthu?" anandifunsa. "Inu mitengo mumaidziwa. Ndithandizeni, mutu wanga waima."

Mawu anali pakamwa penipeni. Kunali kungonena kuti tiyeni tiboole pena. Koma maso anga anagwera pa wotchi ija, ikulendewera pachifuwa pawo, ikunyezimira.

"Ine ndine wonyamula bateriya," ndinayankha. "Za makina amadziwa ndi adotolo."

Anaseka pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala zachilamu. Ine ndinabwezera thonje, ndinamanga udzu bwinobwino, ndipo mfundo zake ndinazilimbitsa kuposa kale.

Sabata imeneyo alamu anavutika. Ankafika kumtengo tambala atangolira, ankadina mosamala ngati akugwira dzira, ankalemba zoona zokhazokha, ndipo zoonazo ndi zimene zinkawapha. Akanakhala munthu wabodza akanangokopera manambala a sabata yoyamba. Ine ndinkawaona, ndipo ndisabise, mumtima munkakoma. Ndinkadziuza kuti nanenso ndili ndi mkazi woyembekezera, nanenso mgodi ndimauopa, chidindo n'chimodzi. Zonsezo zinali zoona. Koma pogona chimene ndinkaganiza sichinali mgodi ayi, chinali kulemera kwa wotchi ija m'khosi mwanga.

Loweruka enjinyero anawerenga buku, sanakalipe n'komwe. Anangotambasula dzanja, alamu n'kuvula wotchi. Lachitatu lake asipayo anadutsa m'mudzi ndi mndandanda, ndipo dzina la alamu linalipo. Langa panalibe, chifukwa ganyu ya bateriya inali isanathe. Apongozi analira mpaka mawu kutha. Ndinawanyamulira alamu kamtolo kawo mpaka kumsewu, iwo n'kundiuza kuti, "Musamale mayi ndi mlongo wangayo, mwamuna pakhomo mwatsala ndinu."

Loweruka linalo enjinyero anabwera kudzapakira makina ake, ati awonongeka. Ndipamene ndinati, m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka, "Patarau, ndiloleni ndiboole pena." Ndinapala khungwa kuseri kwa mtengo womwewo, ndinaboola mabowo atatu atsopano, tinasamutsa timawaya. Anadina batani. Kamuvi kanalumpha ngati tsiku loyamba. Ndinamuonetsa bala lakale, n'kumufotokozera za migwalangwa. Anandimenya paphewa, akuseka, akulemba m'kabuku kake mofulumira. Kenako anatsegula buku la alamu, nayang'ana masamba aja nthawi yaitali.

"Ndiye kuti uja sankanama," anatero.

Anakweza mapewa, natseka buku. Ine ndikanatha kupempha kuti awaitanitse, pakamwa ndinali napo. Sindinapemphe. Ndinaweramitsa mutu, iye n'kundiveka wotchi.

Kuyambira pamenepo tinkaboola mabowo atsopano sabata iliyonse, ndipo seveni wanga anawongoka. Kunyumba ndinangoti mzungu wakonza makina. Mkazi wanga anayang'ana wotchiyo kamodzi, sanaifunsepo nthawi ngakhale tsiku limodzi. Ndinayamba kuivala mkati mwa malaya.

Miyezi ya chibalo itatha alamu sanabwerere ku Zobwe. Anthu kumudzi anali atamva kuti anachotsedwa chifukwa cha bodza, ndipo iwo manyazi anawagwira, analembetsanso ku mgodi komweko. Chaka chotsatira ananditumiza ku Moatize pa kamyao, lole yodzaza mitengo yochirikizira, ndipo apongozi anandipatsira nyemba ndi mbatata kuti ndikawapatse mwana wawo. Ndinawapeza masana atakhala pamthunzi wa khoma, akudikira gulu lawo lolowa pansi. Anali atawonda, malasha atakhazikika m'makwinya a m'khosi. Anandilandira ndi manja awiri, anafunsa za mayi, za mlongo wawo, za mwana wathu amene anali asanamuone.

"Nanga kamuvi kaja?" anafunsa pomaliza. "Kanachira?"

"Kanachira."

"Chinali chiyani? Ine mpaka lero ndimaganiza, ndinkalakwitsa pati?"

Apa ndi pamene uchitsiru wanga unaonekera. M'malo mongoti sindikudziwa, kunyada kunandikwera, ndinafuna kuti nawonso adziwe kuti Mnyungwe ali ndi mutu. Ndinafotokoza zonse, za bala louma, za utomoni, za mabowo atsopano. "N'chimodzimodzi uchema," ndinatero. "Bambo anga ankapala bala m'mawa ndi madzulo. Ine ndinakula ndikuziona zimenezi."

"Munakula mukuziona," anabwereza alamu, pang'onopang'ono.

Anandiyang'ana. Ndinaona m'maso mwawo akubwerera pamwala paja, Lolemba lija, ine thonje lili m'manja. Ndinadikira kuti anditukwane, kapena andimenye, ndipo ndikanalandira mokondwa. Iwo anangomanga pakamwa pa thumba la nyemba, naliika pambali. Kenako maso awo anatsikira pakachingwe kamene kankaonekera pakhosi panga.

"Nthawi ili bwanji, alamu?" anafunsa. "Ndingachedwe kulowa pansi."

Ndinapisa dzanja m'malaya, ndinatulutsa wotchi ija pamaso pawo, ndipo ndinawauza nthawi.